Kaputeni John Parker wa ku Lexington anali msilikali weniweni kapena mlimi chabe?

Nabanda_Lowell:
Abale ndithandizeni. Sabata yatha tinapita ku Lexington kuno ku Massachusetts ndi mwana wanga, kusukulu anawapatsa ntchito yolemba za Kaputeni John Parker, amene anatsogolera anthu a ku Lexington pokumana ndi asilikali a Britain mu 1775 pamene nkhondo ya ufulu wa America inkayamba, nde ndinati tiye tikaone ndi maso. Pabwalo paja pali chiboliboli cha bambo wojintcha atagwira mfuti, komanso mwala wolembedwa mawu ake oti imani pomwepo, musaombe pokhapokha akayamba iwo, koma ngati akufuna nkhondo iyambire pompano. Mwana wakopera zonse mu kope. Tsopano mayi wina woonetsa alendo anatiuza kuti nkhope ya pachiboliboliyo si yake, ndipo munthuyo ankadwala kwambiri TB tsikulo. Nde ndasokonezeka, kodi ameneyu anali ndani kwenikweni, kwawo kunali asilikali kapena anangomutola kumunda?

Mphunzitsi_wopuma:
Mayi Nabanda, woonetsa alendoyo sananame. Chibolibolicho anasema Henry Hudson Kitson, chinaimikidwa mu 1900, patapita zaka 125 Parker atamwalira, ndipo palibe chithunzi chake chomwe chinatsala, wosemayo anangoganizira.

Parker anabadwa pa 13 July 1729 mu Lexington momwemo. Anali mlimi, amadziwanso ntchito zamanja zopala matabwa ndi kukonza zipangizo. Koma musanyoze kuti mlimi chabe, chifukwa nthawi imeneyo ku Massachusetts mwamuna wa zaka 16 mpaka 60 amayenera kukhala mu militia ya tauni yake (gulu la anthu wamba loteteza tauniyo), kukhala ndi mfuti yakeyake ndi onga, nkumasonkhana masiku ena kukaphunzira perete. Banja lawo linali lakalekale kumeneko, kholo lawo Thomas Parker anachoka ku England mu 1635 nkukakhazikika ku Reading, agogo ake a John ndi amene anasamukira ku Lexington mu 1712, ndipo bambo ake a Josiah Parker anali lefutenanti mu militia komanso mmodzi wa akuluakulu oyendetsa tauni. Choncho udindo unali wa m'magazi. Iye anakwatira Lydia Moore mu 1755, anabereka ana 7. Ukaputeni sanapatsidwe ndi mfumu ya ku Britain ayi, anamusankha anzake a m'tauni momwemo. Akubanja amati anamenyako nkhondo ya Angelezi ndi Afalansa ya m'ma 1750, koma mwanayo akalemba alembe kuti "akubanja amati".

Chikaiko265:
kkkk nde mukuti munthu odwala TB anaima pabwalo kumaopseza asilikali 700 a Britain kuti nkhondo iyambire pano? ine izi ndakaika aphunzitsi, zikumveka ngati zija zokometsera pamaliro

Mphunzitsi_wopuma:
Mwakaika pabwino achimwene. Mawu a pamwala aja anamveka patapita zaka zambiri, kuchokera kwa okalamba omwe ankakumbukira. Zomwe Parker mwini wake analumbira pa 25 April 1775, patangotha masiku 6, nzosiyana. Iye anati ataona asilikali akubwera mothamanga analamula anthu ake kuti abalalike, asaombe. Basi. Ndipo ine ndimamulemekeza chifukwa cha zimenezo kuposa za pamwala.

Tangoganizani mmene zinalili. Mthenga Paul Revere wafika cha pakati pausiku kudzachenjeza John Hancock ndi Samuel Adams, atsogoleri otsutsa ulamuliro wa Britain, omwe amagona kunyumba kwa abusa Jonas Clarke. Belu lalira, anthu asonkhana pabwalo mumdima, kukuzizira, adikira adikira asilikali osaoneka, Parker nkuwauza kuti pitani koma mukamva ng'oma mubwere. Ena anapita kwawo, ena analowa m'nyumba yodyera ndi kumwera ya Buckman Tavern pafupi pomwepo kukaothera moto. Mbandakucha wa pa 19 April ng'oma ikulira anthu omwe anaima pamzere anali pafupifupi 77, ndi mfuti zawo za gogodela zija zothira onga kukamwa. Gulu lomwe General Thomas Gage, mkulu wa asilikali a Britain, anatumiza kuchoka ku Boston linali la anthu pafupifupi 700, kutsogolo kuli Major John Pitcairn, ndipo ulendo wawo sunali wa ku Lexington nkomwe, amapita ku Concord kukaononga zida zomwe anthu anabisa. Parker sanatseke msewu. Amene anayamba kuomba mpaka lero anthu amatsutsana, koma utsi utatha a ku Lexington 8 anali atafa, 10 atavulala, mbali inayo msilikali mmodzi yekha ndi amene anavulala.

Mmodzi mwa akufawo anali Jonas Parker. Mabuku achizungu amamutchula kuti cousin, koma bambo ake a Andrew ndi bambo a John anali pachibale mimba imodzi, kwathu timangoti mkulu wake. Anamuombera, ali pansi akulimbana ndi kuthiranso onga, anamumaliza ndi mpeni wa kumfuti.

Gogo_wa_Mapasa:
Zikomo aphunzitsi koma mwasiya masana. Munthu uja ndi chifuwa chake chomwecho anasonkhanitsanso anyamata ake, ena ali ndi mabandeji, nkukabisala pachitunda cha miyala cha kumalire a Lexington ndi Lincoln, kudikira asilikali aja pobwerera ku Concord. Malowo pano amawatcha Parker's Revenge, ofukula zakale anapezapo zipolopolo za mtovu zaka zapitazi. Mayi Nabanda mupite naye mwanayo, ndi mu Minute Man National Historical Park, si patali. Ine ndinapitako mu April tsiku la Patriots' Day, lokumbukira nkhondoyi, kukaonera amene amayeseza nkhondoyo, anthu amafika kusanache, ndinazizidwa zala mpaka kulephera kujambula, sindidzabwerezanso kkk.

China, mwa ovulala m'mawa muja munali Prince Estabrook, munthu wakuda yemwe anali kapolo mu Lexington momwemo. Anaima pamzere womwewo kumenyera ufulu iye alibe. Pali kamwala ka chikumbutso chake pafupi ndi Buckman Tavern, anthu ambiri amangokadutsa akuthamangira kukajambulitsa pachiboliboli.

Chikaiko265:
eh ok izi nde zatsopano. nanga mkuluyo anadzakhala general kapena?

Mphunzitsi_wopuma:
Ayi ndithu, sanaone nkomwe ufulu wa America wa 1776. Anatengako anthu ake kupita ku Cambridge pomwe Boston inazingidwa, koma matenda anakula, anamwalira pa 17 September 1775 ali ndi zaka 46. Miyezi isanu yokha chichitikireni za pabwalo zija.

Koma za Estabrook zomwe atchula agogo zandikumbutsa mdzukulu wake wa Parker, Theodore Parker, wobadwa mu 1810, chitsirizira mwa ana 11. Anali mbusa ku Boston ndipo analimbana ndi ukapolo mosabisa. Mu 1850 anthu osaka akapolo othawa atabwera kudzafuna William ndi Ellen Craft, anamusunga Ellen m'nyumba mwake, maulaliki akulemba mfuti ili patebulo. M'chipinda chake chowerengera munali mfuti ziwiri za agogo ake, ina yomwe anagwira pa 19 April ndi ina yolanda kwa msilikali wa Britain. Anathandizanso ndi ndalama John Brown, wina wolimbana ndi ukapolo. Atamwalira ku Florence ku Italy mu 1860 mfutizo zinaperekedwa ku boma la Massachusetts, nkukazipachika ku State House, nyumba ya malamulo ya boma limenelo, ku Boston.

Nabanda_Lowell:
Mwandithandiza nonse. Vuto mwana akukana kufufuta mawu a pamwala aja, akuti aphunzitsi ake anawalemba pabolodi nde ndi oona basi. Tagwirizana kuti alembe onse awiri, a pamwala ndi olumbira aja, Loweruka tipita kukafuna kamwala ka Estabrook. Agogo, kali mbali iti ya Buckman Tavern?