N'chifukwa chiyani Yogi Bear amavala tayi koma alibe malaya?

Kapenta88: Akuluakulu, tandithandizani. M'makatuni akale a pa TV, thupi limangoti njo, pakamwa pokha n'pomwe pakugwedezeka, ndipo wina akamathamanga amadutsa mpando womwewo kangapo. Ankazipanga bwanji zimenezi? Kunali kupulumutsa ndalama basi?

Chojambula: Ndalama ndi nthawi, achimwene. Filimu imayenda mafelemu, kapena kuti zithunzi zoima, 24 pa sekondi, ndipo makatuni a ku sinema ngati Tom and Jerry ankafuna chojambula chatsopano pa felemu iliyonse kapena pa mafelemu awiri. Kampani ya mafilimu ya MGM itatseka situdiyo yake ya makatuni mu 1957, William Hanna ndi Joseph Barbera, omwe ankapanga Tom and Jerry kumeneko, anayamba The Ruff and Reddy Show ya pa TV ndi kandalama kochepa zedi. Nzeru yawo inali kuduladula munthu m'zigawo. Thupi ankalijambula pa cel imodzi, kapepala koonekera ngati galasi, n'kulisiya osalikhudza. Mutu pa cel ina, pakamwa pa ina, zonse zoboola mofanana n'kuzikoleka pa timapegi kuti zisasunthe. Tayi ndi kolala ya Yogi Bear, chimbalangondo cha m'makatuni awo, ntchito yake n'kubisa mzere umene mutu ukumanirana ndi thupi. Mkanda wa Wilma mu The Flintstones ya 1960 ndi nkhani yomweyo.

MaiPenti: Zoona, koma musaiwale mavuto ake. Cel siyoonekera kwenikweni. Mukasanjikiza zinayi kapena zisanu, za pansi zimayamba kuda, ndiye khungu la pathupi limaoneka lakuda kuposa la kumutu ngakhale penti ili imodzi. Opaka penti ankasakaniza mtundu wosiyana pang'ono malinga ndi malo a cel pa mulupo. Akalakwitsa, mkono umasintha mtundu ukangoyamba kuyenda. Chinthu chojambulidwa pa cel chimasiyananso mtundu ndi chakumbuyo, n'chifukwa chake mumatha kudziwiratu chitseko chimene chitseguke. Fumbi ndi zidindo za zala nazo zinkaoneka pa kamera, choncho ankagwira ndi magolovesi, n'kupanikiza zonse ndi galasi kuti pasakhale mithunzi.

Za mpando wobwerezabwerezawo: chakumbuyo chinali chipepala chachitali chomwe mapeto ake amafanana ndi poyambira. Pa felemu iliyonse wa kamera amachikoka mtunda wofanana, pomwe miyendo ikungobwereza zojambula zochepa zomwezo. Mtundawo ukapanda kugwirizana ndi kutalika kwa sitepe, mapazi amaoneka ngati akuterereka. Pakamwa napo panali maonekedwe akuluakulu asanu ndi limodzi, kuyambira potseka pa m, b ndi p mpaka poyasamula. Mawu ankayamba ajambulidwa, kenako wina n'kulemba pa exposure sheet, pepala la ndondomeko ya mafelemu, kuti felemu iti ifuna kamwa liti.

Gogo_Tezuka: Ku Japan anafika patali. Astro Boy wa Osamu Tezuka atayamba mu 1963, a ku situdiyo yake ya Mushi Production ankasunga chojambula chimodzi mafelemu atatu, kutanthauza zojambula 8 pa sekondi, ndipo zithunzi za kuuluka ankazisunga n'kumazigwiritsanso ntchito m'magawo ena. Koma amene anawonjeza ndi opanga katuni ya ku America ya Clutch Cargo mu 1959. Iwowa sankajambula n'komwe pakamwa: ankatenga milomo ya munthu weniweni pa filimu n'kuiika pankhope yojambula, njira yotchedwa Syncro-Vox. Zinali zotchipa, inde, koma kuyang'ana nkhope yosaphethira ili ndi milomo yamoyo kumachititsa nthumanzi.