Amayi anga atupa miyendo, usiku akubanika. Ndithandizeni

Wosatchula dzina: Abale, mutu wanga sukugwira. Amayi anga ali ndi zaka 67. Miyendo yatupa moti nsapato sizikulowa, ndipo usiku akangogona chagada akuti mpweya ukuwathera, amadzuka n'kukhala tsonga mpaka kucha. Wowasamala ndine ndekha. Achimwene anga amangoimba foni kuti "ali bwanji", ngati moni amachiza. Alamu anga ndiye musanene, anabwera kamodzi n'kuyamba kundiwerengera kuti m'nyumba simunasesedwe. Kuntchito abwana ayamba kundiyang'ana ndi diso lofiira chifukwa chochedwa. Nanenso msana ukundiwawa. Kodi matenda amenewa n'chiyani?

Bambo Gift: SHUGA IMENEYO. Musavutike n'kufunsa zambiri. Ine ndakhala nayo zaka 11, ndimaidziwa ngati dzina langa.

Tiyamike: Pepani achemwali. Yatupa miyendo yonse iwiri kapena umodzi? Nanga akumwa mankhwala anji? Kubanika munthu akagona chagada kumaloza kwambiri kumtima. Mbali yakumanzere ya mtima ikafooka, magazi amabwerera m'mapapo ndipo madzi amadzazana mmenemo. Akagona, madzi amene anali m'miyendo masana amabwerera m'magazi, mapapo n'kulemedwa. N'chifukwa chake akukhala tsonga. Mbali yakumanja ikafookanso, miyendo imatupa, ngakhale mitsempha ya m'khosi imaoneka yodzaza.

Bambo Gift: Nanga mtimawo wauwononga ndani? Si shuga? Akayezetse m'mawa asanadye kanthu. Ikafika 7.0 kapena kupitirira, mudzandiuza.

Mayi a Mphatso: Malemu amuna anga anayambanso chonchi. Tinkati ndi mtima, osadziwa kuti ndi impso. Nkhope imatupa m'mawa, zikope ngati alumidwa ndi njuchi, mkodzo uli thovu lokhalokha. Adokotala anati puloteni imatayikira mumkodzo, ndiye madzi samakhazikika m'mitsempha. Achibale awo ndiye anandithawa onse, ndinatsala ndekha ndi ana atatu. Za alamu zomwe mukunenazo ndikuzidziwa bwino.

Wosatchula dzina: Eee mayi, ndiye mukundimvetsa. Anga aja mpaka anakauza anthu kuti ndikuwadyetsa mchere wambiri dala.

Dalitso: Gulu lino munthu ukafunsa za chikhadabo, Bambo Gift akuuza kuti ndi shuga 😂

Bambo Gift: Iwe mwana, seka lero. Shuga imapha mitsempha ya kumapazi, imawononga maso, imawononga impso zomwe akunenazo. Ine zala zakumapazi sindizimva. Ukadzafika pamenepo udzandifuna.

Mayi Esnart: Koma inu ofunsanu, mayi akubanika usiku wonse inu muli pa Facebook kudandaula za alamu? Chipatala mwachiiwala njira?

Wosatchula dzina: Musandiweruze mayi, simukudziwa zomwe ndikudutsamo.

Tiyamike: Bambo Gift, shuga ikhozadi kufooketsa mtima, koma zizindikiro zake zodziwika ndi ludzu, kukodza pafupipafupi ndi kuonda, ndipo sanatchule chilichonse mwa izi. Achemwali, dinikizani chala pamsongolo kwa kanthawi. Pakatsala kadzenje, ndi madzi. Ngati watupa mwendo umodzi wokha, ukutentha ndi kuwawa, akhoza kukhala magazi oundana mumtsempha, ndipo chibulumacho chikathothoka chimakatseka m'mapapo. Ndafunsa za mankhwala chifukwa amlodipine, wa BP uja, amatupitsa akakolo mwa anthu ena, pomwe ibuprofen ndi diclofenac, opha ululu aja, amasunga mchere ndi madzi m'thupi, mtima wofooka n'kuipiraipira.

Yamikani: Palibe amene watchula chiwindi. Amalume anga mimba inakula ngati ya pakati, maso achikasu. Aliyense ankati ndi mowa, chonsecho sanalawepo. Inali hepatitis B, matenda a chiwindi oyamba ndi kachilombo.

Bambo Gift: Anawayeza shuga amalume anuwo?

Yamikani: Bambo, tatipumitsani.

Dalitso: Mtima, impso, chiwindi, shuga. Kwatsala ndulu, wina aitchule timalize thupi lonse.

Mayi a Mphatso: Muwaikire mapilo awiri kapena atatu, asagone chagada. Muziwayezanso pasikelo m'mawa uliwonse. Ife anatiuza kuti akakwera makilogalamu 2 m'masiku atatu, amenewo ndi madzi, si kunenepa.

Mayi Esnart: Mapilo sachiza munthu. Ndati chipatala.

Mayi a Mphatso: Ndani wakana chipatala? Ine ndaikapo mwamuna m'manda, musandiphunzitse.

Bambo Gift: Anthu inu mukuzungulira. Ine tsiku lomwe anandipeza nayo ndinali nditakomoka, onse ankati ndi BP. BP yanga inali bwinobwino, sinafike n'komwe 140/90. SHUGA.

Tiyamike: Achemwali, ngati akubanika ngakhale atangokhala, milomo yachita bii, kapena akutsokomola thovu lofiirira, musadikire kuche. Mutenge mapaketi onse a mankhwala omwe ali m'nyumbamo mukawaonetse adokotala. Ndikufunsanso kachitatu: akumwa mankhwala anji, ndipo alipo amene anasiya kumwa?

Wosatchula dzina: Zikomo nonse. Za mankhwalazo amadziwa ndi achimwene, ndi amene ankawagulira. Koma panopa sitikuyankhulana, ndipo ine sindingayambe kuwaimbira.

Bambo Gift: Mukatero muwafunse ngati kumtundu kwanu kuli shuga.