Mababu a 6500K kapena a 3000K pa zomera za m'nyumba?

Mayi wa ku Senga Bay:
Moni nonse. Ndikufuna kufesa mbande za tomato, tsabola ndi letesi m'chipinda, pa shelefu ya mita 1.2 m'litali ndi theka la mita m'lifupi. M'sitolo muli machubu a LED olembedwa 6500K, ena 4000K, ena 3000K. Akuti oyera mbee ndi okulitsa masamba, achikasuwo ndi a maluwa. Ndiye ndigule mitundu iwiri n'kumasintha? Nanga tomatoyo angabereke momwemo osatuluka panja?

Wamagetsi wa pa Kamuzu Road, Salima:
Mayi, K ameneyo ndi Kelvin. Amangonena maonekedwe a kuwala, sanena mphamvu yake. Pa 6500K kuwala kumayera mopendekera ku buluu, pa 3000K ndi 2700K kumapendekera ku chikasu ndi kufiira, 4000K ali pakati. Pa machubu ena simupeza K, mupeza 865, 840 kapena 830. Manambala awiri omalizawo ndi omwewo: 65 ndi 6500K, 40 ndi 4000K, 30 ndi 3000K.

Zimene munamvazo zili ndi choona chake. Kuwala kwa buluu kumaletsa mbande kutalika, tsinde limanenepa, masamba amayandikana. Koma LED yoyera iliyonse ili ndi buluu ndi kufiira komwe, kusiyana kwake ndi kuchuluka chabe. Mbande ikaonda n'kutalika ngati ulusi mpaka kugwa, kawirikawiri vuto si Kelvin ayi, nyale ili kutali kapena yachepa.

Pa shelefu yanuyo ikani machubu anayi a mita 1.2, a mawati 18 lililonse, motalikirana mofanana. Akhale masentimita 10 mpaka 15 pamwamba pa nsonga za mbande, osati kudenga. Apachikeni pa tcheni kuti muziwakweza mbande zikamakula. Kumbali ndi kumbuyo matani pepala loyera kuti kuwala kubwerere pa masamba. Aziyaka maola 14 mpaka 16, kenaka mdima. Musawasiye usiku wonse poganiza kuti zikula msanga, tomato akamaunikidwa osapumira masamba ake amachita mawanga achikasu.

Mayunitsi ake: mawati 72 kwa maola 16 ndi yunitsi imodzi ndi pang'ono pa tsiku, pafupifupi 35 pa mwezi. Ngati muli pa sola, batire ya lead-acid ya 100Ah ya mavoti 12 siyenera kutsitsidwa kupitirira theka, ndiye ingakupatseni maola asanu ndi atatu okha kapena kucheperapo. Yatsani masana mapanelo akugwira ntchito.

Mlangizi wopuma, Nkhotakota:
Achimwene afotokoza bwino za magetsi. Ine ndiyankhe za kubereka, chifukwa apa ndi pamene anthu amataya ndalama.

Tomato ndi tsabola sadikira mtundu wa kuwala kuti achite maluwa, ngakhale kutalika kwa usana sawerengera. Amachita maluwa akakhwima, bola kuwala kukhale kokwanira. Mukachotsa 6500K n'kuika 3000K ya mawati omwewo, simunaonjezere kanthu. Zomera zimene zimadikira chizindikiro kuti zichite maluwa ndi monga maluwa okongoletsera a chrysanthemum ndi poinsettia, ndipo nazonso chizindikiro chake ndi usiku wautali, maola 12 mpaka 14 a mdima wosadukiza, osati babu lachikasu.

Ikani pa foni pulogalamu yoyezera lux, womwe ndi muyeso wa kuchuluka kwa kuwala, muyeze pamene pali masamba. Siyeza ndendende koma imathandiza. Mbande ndi letesi zimakhala bwino pa lux 10,000 mpaka 15,000. Tomato wobereka amafuna cha m'ma 30,000 kwa maola 16, pamene dzuwa la masana panja limafika 100,000. Kuti machubu wamba afike 30,000 pa sikweya mita imodzi pafunika mawati pafupifupi 300, omwe ndi mayunitsi opitirira 140 pa mwezi, pa mitengo itatu kapena inayi ya tomato. Werengerani nokha ndi mtengo wa tomato pa msika wa Salima. Kuno kunyanja dzuwa n'laulere, choncho nyale zikhale za nazale, mbande zikafika milungu inayi kapena isanu muwokere panja kapena pansi pa shedi neti. Masiku asanu kapena sabata musanawokere, muziziika panja m'mawa, ola limodzi tsiku loyamba n'kumaonjezera, apo ayi masamba amapsa n'kuyera tsiku lomwelo.

Mukafunabe kuyesa mtengo umodzi m'nyumba, dziwani kuti maluwa akamayoyoka nthawi zambiri ndi kutentha. Masana kukapitirira madigiri 32, usiku n'kusatsika pa 24, mungu wa tomato umaonongeka. Mu Okutobala ndi Novembala chipinda cha malata chimadutsa pamenepo kutali. Chachiwiri, m'nyumba mulibe mphepo kapena njuchi, ndiye gwedezani phava la maluwa ndi chala m'mawa uliwonse. Chachitatu ndi feteleza: Urea kapena CAN akachuluka mupeza masamba obiriwira bii, maluwa ochepa.

Wa nazale ku Dwangwa:
Gulani mtundu umodzi basi, mayi. Ngati ndi mbande ndi letesi zokha, 6500K. Ngati pa shelefupo padzakhalanso maluwa a m'miphika, 4000K imagwira zonse, kapena sakanizani awiri a 6500K ndi awiri a 3000K mosinthanitsa, osati oyera mbali imodzi achikasu mbali ina.

Nyale zapepo zija zogulitsidwa pa intaneti musathamangire. Zilibe Kelvin, ndipo pansi pake tsamba lodwala ndi labwino zimaoneka chimodzimodzi, akangaude ofiira mumawazindikira atamaliza kale. Onaninso mawati enieni pa kalebulo kakumbuyo, chifukwa 1000W yolembedwa pa bokosi nthawi zina imakoka 100 yokha.

China chimene sichinatchulidwe ndi tizilombo. Kuwala kwa 6500K kumakoka touluka kuposa kwachikasu, ndipo ku Senga Bay nkhungu zikatuluka m'nyanja zidzadzaza mathireyi onse. Mawindo akhale ndi sefa, ndipo nyale zizizima dzuwa likamalowa: kuyatsa 4 koloko m'mawa, kuzimitsa 6 koloko madzulo, maola 14 akwana. Kafani kakang'ono kaziomba pang'ono pa mbande. Kamalimbitsa tsinde ndi kuumitsa pamwamba pa dothi, chifukwa chinyezi cha kunyanja kuno chimaoletsa mbande pa tsinde n'kuzigwetsa usiku umodzi. Thirirani m'mawa, ndipo dothi likadali lonyowa musaonjezere madzi.

Mayi wa ku Senga Bay:
Zikomo abambo nonse, ndigula anayi a 6500K, tomato adzapita kudimba. Nanga magetsi akathima tsiku lathunthu, mbande zionongeka?

Wamagetsi wa pa Kamuzu Road, Salima:
Tsiku limodzi sizifa. Tulutsani mathireyi pakhonde pamene pali kuwala koma dzuwa la masana silifikapo. Akathima masiku awiri kapena atatu zili mu mdima, makamaka zikangomera kumene, zimatalika n'kuyezuka, ndipo tsinde lotalika kale silibwerera. Tomato mungamupulumutse pomukwirira mozama powokera, mpaka pafupi ndi masamba oyamba, chifukwa tsinde lake limatulutsa mizu. Letesi ayi, mukamukwirira mtima amaola, ndi bwino kufesanso.