Kasitima ka Ilala kochokera ku Glasgow: tikaike kuti?

Mlembi: Akuluakulu, pali nkhani. Mwana wathu wa ku Glasgow wapatsidwa mphatso ndi mdala wina amene wakalambira pa ntchito yokhoma sitima zapamadzi. Ndi kachifaniziro ka Ilala, kopanga pamanja, ndipo akufuna kabwere kuno ku Nkhotakota. Chofunika ndi ndalama yotumizira komanso bokosi lagalasi losungiramo.

Wa ku Glasgow: Ndi zoona amalume. Anakachepetsa ka 50, ndiye poti sitimayo ndi mamita 52, kameneka kangopitirira mita imodzi pang'ono. Zonse zilipo, chumuni, nangula, maboti opachika m'mbali, ngakhale timawindo. Mdalayo akuti Ilala ndi yakwawonso, poti kampani ya Yarrow inaipangira konkuno mu 1949.

Bambo a ku Linga: Mwanawe wachita bwino, ndaonerera chithunzicho mpaka misozi. Sitima imeneyo inabwera zidutswazidutswa, pa njanji kuchokera ku Beira mpaka Chipoka, nkukailumikiza ku Monkey Bay, nkuyamba kuyenda mu 1951. Ine inandilera. Inkaponya nangula patali usiku, ife nkumalowa m'madzi ofika m'chiuno kuthamangira boti, thumba la mpunga lili pamutu. Tsiku lina ndinabereka mayi anga kumsana akudwala, mvula ikutikwapula, popanda pobisala. N'chifukwa chake tinasonkha ndalama ya chisakasa chodikiriramo kunyanja. Chisakasacho chili kuti? Tambala yanga situluka ndisanaone buku la ndalama imene ija.

Msungichuma: Bambo, nthawi imeneyo buku silinali m'manja mwanga.

Bambo a ku Linga: Sindinatchule munthu, achimwene. Ndafunsa buku. Malata tinawaona atatsitsidwa, simenti tinaiona. Mvula itatha kunalibe ndi msomali womwe.

Mayi a ku Dwangwa: Ine ndinapereka kawiri, risiti sindinaione mpaka lero.

Aphunzitsi: Tibwerere ku kasitimaka. Maganizo anga kakhale kusukulu, ana aziona. Ambiri sadziwa kuti iyi ndi Ilala yachiwiri. Yoyamba inafika ndi amishoni a ku Scotland mu 1875, ndipo dzinalo ndi la dera la ku Zambia kumene Livingstone anamwalirira mu 1873.

Achimwene a ku Joni: Kusukulu kathyoka sabata yomweyo. Komanso ngati n'za mbiri yathu, bwenzi tikukamba za sitima ya Chauncy Maples. Bishopu mwini dzinalo anamira m'nyanja mu 1895, manda ake ali pompano pa tchalitchi cha All Saints. Kaikeni kumishoni.

Che Hajji: Pepani achimwene, Ilala inkanyamula tonse, wa kumzikiti ndi wa kutchalitchi, mbuzi ndi usipa womwe. Kaikidwe poti aliyense alowe momasuka. Kuboma kuli malo.

Achimwene a ku Joni: Sindinanyoze munthu ine.

Bambo a ku Linga: Mukukanganirana poika chinthu chimene sichinafike. Inu a ku Joni, pa msonkhano wa chisakasa munalonjeza mitengo ya denga, tinaomba m'manja tonse. Lero mwayamba kutiuza za bishopu. Ndinene mosabisa: kasitimaka ndikukafuna kuposa nonsenu. Ndikufuna mdzukulu wanga aloze ndi chala malo apansi aja, pamene tinkagona pamatumba a chinangwa popita ku Likoma, injini ikugunda m'mutu usiku wonse. Koma tikapatsa anthu omwewo ndalama ya galasi, kadzathera m'chipinda chochezera cha munthu, ife nkumangomva kuti kakusungidwa bwino.

Mayi a ku Dwangwa: Nanga malata aja si amene ali pa khola la nkhuku la uje?

Wapampando: Amayi, zimenezo fufutani chonde. Tilibe umboni.

Wa ku Glasgow: Makolo anga, mdalayu akusamuka m'nyumba yake mwezi wamawa. Ndimuuze chiyani?

Aphunzitsi: Katenge kaye mwanangu, ukasunge kwanu.

Wapampando: Tikumane Loweruka masana, tikambirane zonse ziwiri.

Msungichuma: Loweruka ndili ku maliro ku Mwansambo.

Bambo a ku Linga: Pitani bwino kumaliroko, mutipepesereko. Buku mulisiye kwa mlembi Lachisanu.