Ndikakhala pansi mu half guard amandigoneka chagada, ndituluke bwanji?

lamba_woyera:

Moni nonse. Ndithandizeni nzeru pa half guard ya mu Brazilian jiu-jitsu ndikakhala pansi, pomwe ndimapana mwendo umodzi wa mnzanga ndi miyendo yanga iwiri. Mwendo wa mnzanga ndimaupana bwinobwino, koma pakangopita masekondi ochepa phewa lake lili pachibwano panga, msana wanga wonse uli pansi, bondo lake likusololoka pang'onopang'ono mpaka wadutsa miyendo yanga. Ndikagonekedwa kale chonchi, ndiyambire pati kuti ndimasuke? Nanga sweep (kumugubuduza wapamwamba kuti ine ndikhale pamwamba) yoyamba kuiphunzira munthu wa lamba woyera, woyamba kumene, ndi iti? Timasewera titavala gi (jekete ndi buluku za masewerawa), masiku ena popanda gi.

chiuno_kaye:

Achimwene, vuto lanu si miyendo ayi. Miyendo ikugwira ntchito yake, koma mukugonja kumtunda, pamutu ndi m'khwapa.

Kuti tisasokonezane, tinene kuti mwapana mwendo wake wamanja. Ndiye kuti inu mugonere kumanja, mukumuyang'ana. Mwendo wanu wamanja uli pakati pa miyendo yake ndipo ndiwo wokola, wamanzere uli kunja, pamwamba. Iye akufuna zinthu ziwiri basi. Mkono wake wamanzere ulowe kunsi kwa mutu wanu kuti phewa litembenuze nkhope yanu, imeneyi ndiyo crossface. Mkono wake wamanja ulowe m'khwapa mwanu mwamanzere, ndiyo underhook. Akapeza ziwirizi, mapewa anu onse amakhudza pansi ndipo chiuno chanu chimafa, chifukwa thupi limatsata kumene nkhope yaloza.

Choncho dzanja lanu lamanja, lomwe lili pansilo, ntchito yake ndi imodzi: kutchinga mkono wake wamanzere, chikhatho chili pamwamba pang'ono pa chigongono chake. Osaukankha mkonowo mpaka wanu kuwongoka, ingoutsekerani njira, chigongono chanu chili pafupi ndi nthiti. Mkono wamanzere ndiwo wolowa m'khwapa mwake mwamanja n'kuzungulira msana mpaka dzanja ligwire chiuno cha mbali inayo, kapena lamba ngati muli mu gi. Underhook yongofika pakati pa msana ndi yosathandiza, amaiphwanya ndi kulemera kwake. Khutu lanu likhale lomata pachifuwa kapena pamimba pake, pasakhale mpata woti mkono ungadutsepo.

Mukafika pamenepa, yambani ndi sweep yomwe anthu amaitcha old school. Tsetserekani kumunsi mpaka mutu ufike pafupi ndi mimba yake. Dzanja lamanja lichoke pamkono paja, lidutse kunsi kwake likagwire phazi lake lamanzere, lakutalilo, cha kuzala. Gwirani kuzala, osati pakakolo, chifukwa pakakolo akangowongola mwendo dzanja lanu limapulumuka. Kokerani phazilo kumatako kwake ndi kulipereka kudzanja lamanzere lomwe lili kale kumbuyoko. Dzanja lamanja lamasuka tsopano, litsekereni kunja kwa bondo lake lamanzere. Kenako musinthe miyendo: phazi lanu lamanzere lidutse pamwamba pa katumba wake wamanja, likole n'kukokera mwendowo kunja, ndipo pokhapo m'pomwe mumasule mwendo wanu wamanja n'kugwada. Mukankheni ndi phewa kulowera kuphazi lomwe mwagwiralo. Mbali imeneyo alibe chodzichirikiza nacho, amagwera pantchafu.

Ambiri amalakwitsa posintha miyendo paja. Akamasula mwendo wamanja phazi lamanzere lisanakole, mnzawo amangosolola mwendo n'kukhala pa side control (kukukanikizani chopingasa kuchokera kumbali) kapena pa mount (kukukhalirani pamimba). Wina ukole kaye, wina umasuke.

Kale half guard ankaiona ngati malo ongopumirapo munthu asanadutsidwe. Amene anaisandutsa malo omenyerapo nkhondo ndi Roberto Correa wa ku Rio de Janeiro, yemwe amadziwika kuti Gordo, atavulala bondo n'kumakakamizika kusewera atagonera mbali imodzi. Onani kuti chiyambi chake chenicheni ndi kugonera cham'mbali.

upa_ndi_mpata:

Zomwe anena a chiuno_kaye n'zoona, koma funso loyamba lija silinayankhidwe. Munthu wagonekedwa kale, crossface ndi underhook zonse zapita.

Pamenepa musayambe ndi kufunafuna underhook, simungaipeze. Musamukumbatirenso pamsana, mukumuthandiza kukukanikizani. Choyamba tetezani bondo lake lisatuluke: ntchafu zanu zipane pamwamba pa bondo, osati pakatumba. Bondo likangoonekera pamwamba pa ntchafu zanu, mwatsala ndi kakolo yekha ndipo knee cut (kudutsa potsetsereketsa bondo pamwamba pa ntchafu yanu) yayandikira.

Chachiwiri, mumusunthe. Mkono wanu wamanzere upane mkono wake wamanja uja womwe uli m'khwapa mwanu, muufinyire kunthiti. Mapazi onse akhale pansi pafupi ndi matako, lamanzere litatsekereza kakolo wake. Tukulani chiuno mwamphamvu kulowera kumanja, kumene kuli thupi lake. Sagwa, koma amabweza mphamvu kuti akugonekeninso. Nthawi yomwe akubwezayo, gwetserani mawondo anu onse awiri kumanzere, bondo lamanja likumunyamula kunsi kwa thako. Iyi ndi knee lever, ena amati John Wayne. Mwendo wake wamanja ndi wopanidwa, mkono wamanja ndi wopanidwa, ndiye atsala ndi zosankha ziwiri: agubuduke, kapena achotse mkono wamanzere pansi pa mutu wanu kuti adzichirikize. Akauchotsa crossface yatha, ndipo n'zomwe mumafuna. Tembenukirani kumanja msanga, dzanja lamanja pamkono wake, bondo lamanzere lilowe pakati pa inu ndi iye.

Knee lever imakanika akakhalira zidendene, chiuno chake chili kumbuyo kutali ndi chanu. Imafuna kuti kulemera kwake kukhale pamwamba panu. Akakhala kumbuyo choncho, ndiye kuti chifuwa chake chapepuka, ingolowetsani mkono pakhosi pake n'kuthawitsa chiuno.

Ngati cholinga ndi kungobwerera ku guard yonse (miyendo yanu yonse itamuzungulira m'chiuno), mwendo wamanzere ugwire mwendo wake wokha, chigongono chamanja chikankhe bondo lake lamanzere kumunsi, mutembenukire pang'ono kumanja, bondo lanu lamanja lituluke kutsogolo kwa ntchafu yake. Palibe manyazi pamenepo.

mkono_mkati:

Ine nditsutsako pang'ono. Kuuza munthu wa lamba woyera kuti athamangire underhook asanadziwe knee shield (kutchinga ndi bondo) ndi kumupereka ku D'Arce (njira yofinya khosi). Mukalowetsa mkono wamanzere mutu uli patali ndi thupi lake, mkono wake wamanja umadutsa m'khwapa mwanu, n'kutulukira kukhosi, wamanzere n'kutseka kumbuyo kwa mutu. Popanda gi zimachitika mofulumira kwambiri.

Yambani ndi msongolo wamanzere utapingasa pachifuwa pake, bondo likuloza phewa lake lamanja. Bondo lisagone pansi kupingasa mimba, chifukwa akalitsamira mawondo anu onse amapanikizana ndipo mwatsekeka. Chigongono chamanzere chikhale mkati mwa bondo lanulo, zikhudzane, mkono utatchinga pansi pa khosi lake. Dzanja lamanja likhale pomwe anena paja. Akamakankha kuti aphwanye chotchingacho, ponyani mwendo wamanzere kutsogolo ngati mukumenya mpira kudutsa m'mbali mwake, thupi lanu lidzuke nawo, mkono utsate njira yomwe bondo lasiya. Popeza chigongono chinali kale mkati, underhook ndi yanu iye asanaiganizire. Mukachotsa bondo kaye kenako n'kuyamba kusaka khwapa, mwachedwa.

Za lockdown (kukola mwendo wake ndi mapazi anu onse awiri n'kuuwongola), yomwe anaitchukitsa Eddie Bravo, ndinganene kuti imaimitsadi munthu wofuna kudutsa, koma oyamba kumene amaigwiritsa ntchito ngati pobisalira, n'kugona chagada mphindi zisanu osachita kanthu. Imapwetekanso bondo la mnzanu mukaiwongola mwadzidzidzi iye akupotoloka. Deep half (kulowa pansi penipeni pa chiuno chake) ya anthu ngati Bernardo Faria ndi Jeff Glover isiyeni kaye, ili ndi misampha yake, makamaka kimura (njira yopotola phewa) pamkono womwe mwaiwala kubisa.

lamba_woyera:

Zikomo kwambiri akuluakulu. Chatsala chimodzi. Ndikapeza underhook n'kuyamba kudzuka, amakulunga mkono wanga ndi wake kuchokera pamwamba n'kukanikiza phewa langa pansi. Phazi lakutali lija amalithawitsanso. Pamenepo nditani?

chiuno_kaye:

Imeneyo ndi whizzer, ndipo ndi yankho lolondola kumbali yake. Akapanda kuiika, musavutike ndi sweep, ingotulukirani kunsi kwa khwapa lake mukakwere kumsana.

Akaiika, pitirizani kudzuka mpaka nonse mutagwada moyandikana, mwendo wake wamanja udakali pakati pa yanu, phazi lanu likuukokerabe kunja. Malo amenewa ndi dogfight, ndipo masewero a Lucas Leite ndi abwino kuwaonera pa nkhaniyi. Kukokera kakolo wake kunja n'kofunika kwambiri: kumapotoza bondo lake kulowa mkati, chiuno chake chimapendekeka, whizzer imachepa mphamvu. Mutu wanu ukhale m'mwamba, chiuno chanu chikhale chomata ndi chake, makamaka kumbuyo kwake pang'ono. Mutu ukagwa pansi ndiye kuti iye wapambana.

Kuchokera apa mverani kumene akukankhira. Akangoima osakankha, dzanja lamanja lidutse kutsogolo kwake ligwire kunja kwa bondo lake lamanzere, mumuyendetse cham'mbali ndi phewa mpaka agwe. Yendani ndi zala za kuphazi, musamukankhe mutakhalira mawondo okha.

Akamakankha mwamphamvu kubwerera kwa inu, musalimbane naye. Lowani pansi pake: chiuno chanu chitsetsereke kunsi kwa mimba yake, mkono wamanja ulowe pansi pa ntchafu yake yamanzere kapena ugwire buluku pabondo, mugubuduke pamsana kulowera kumanzere mutamusenza. Mkono womwe akanadzichirikiza nawo ndi womwewo waika whizzer, waumanga yekha. Ena amaitcha plan B. Imakanika pa zifukwa ziwiri. Mukagwera kumbali m'malo molowa pansi pake, mumamukoka ndi manja okha ndipo amakugwerani pachifuwa. Mukaiyamba iye asakukankha, amangokhala pansi n'kukugonekani pomwe munayambira. Mukankheni kaye, abweze, kenako mulowe.

Whizzer ikamapweteka phewa, musaumirire. Lefutsani mkono, chikhatho chiyang'ane kumwamba, muusolole chakutsogolo ngati chingwe, ndipo iye akagwera patsogolo mukwere kumsana. Ikakhala yothina moti mkono sukutuluka ndipo chigongono chikupindikira kolakwika, menyani tap, kumugunda ndi dzanja posonyeza kuti mwagonja.

Poyeserera, bwerezani njira yonse kuchokera pa knee shield mpaka pa dogfight kakhumi mbali iliyonse mnzanu asakulimbana nanu. Kenako chitani maraundi a mphindi 2: wapamwamba akufuna crossface yokha, wapansi akufuna underhook yokha, wina akapeza muyambirenso. Mukazolowera, yambirani pogonekedwa kale chagada.

upa_ndi_mpata:

Kuwonjezera pang'ono kwa amene akupita kumpikisano wa malamulo a IBJJF, bungwe loyendetsa mipikisano ya jiu-jitsu. Sweep ndi mapointi 2, koma muyenera kukhazikika pamwamba masekondi 3. Kudutsa guard ndi 3, kumsana ndi 4 ngati mapazi onse awiri akola mkati mwa ntchafu zake. Mukamutaya mwendo iye n'kukhazikika pa side control, ngakhale mutamugubuduza pambuyo pake simulandira kanthu, chifukwa sweep imawerengedwa ikayambira mu guard kapena half guard.

Ndipo old school ikatheka, musafulumire kusiya phazi lija. Ligwirenibe mpaka mutazungulira kumbuyo kwa miyendo yake n'kuika chifuwa chanu pa iye, apo ayi amangobweza mawondo n'kukutsekerani mu guard yake.