Mchere tichepetse mpaka pati kwa munthu wa BP?

NaJere, Ntcheu: Abale ndithandizeni nzeru. Mayi anga anawapeza ndi BP kuchipatala, anawapatsa mankhwala nkuwauza kuti achepetse mchere koma kuchepetsako mpaka pati? pakhomo tilipo ambiri mphika ndi umodzi, ndikangochepetsa ana akuti mchere sunakolere, bambo awo nawonso amanyamuka kukatapa wina nkuwaza pambale. Ndiziphika miphika iwiri kapena?

Mlimi wa ku Lizulu: Mayi miphika iwiri mutopa nayo, nkhuni zake zino? Chepetserani banja lonse, anawo ziwathandiza akamakula. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, imeneyo ndi supuni ya tiyi imodzi basi, ndipotu si ya ndiwo zokha ayi, ndi ya zonse zomwe zalowa mkamwa kuyambira mmawa mpaka pogona. Mchere ukachuluka thupi limasunga madzi, magazi nkumapanikiza mitsempha, mtima ndi impso zimagwira ntchito mopitirira muyezo, sitiroko ija imayambira pamenepo.

Achemwali a ku Dedza: Chomwe chimandidandaulitsa ine ndi mchere wobisala. Anthu amachepetsa wa mpaketi koma Royco akuthira ngati kale, soseji, buledi, tizokometsera ta msoya pisi tija zonsezo muli mchere kale. Ngakhale soda wa mu therere ndi mu nkhwani, nayenso ndi sodium yemweyo amene akuvutitsa mumcheremo, ambiri sadziwa zimenezi. Ndiye pa chiwaya musanene, mbatatesi zathu zabwinobwino zakuno koma chipisi chake mchere amachita kutapa ndi dzanja, wogula nayenso nkuwonjezera ndi tsabola. Amayiwo mukawagulira muziuza wokazinga asathire.

NaJere, Ntcheu: Zikomo, za sodazo sindimadziwa. Nanga ndingowasiyitsiratu?

Mlimi wa ku Lizulu: Ayi musatero, thupi limafunabe pang'ono, komanso mchere wa mpaketi muli ayodini woteteza ku chithokomiro, muzigula womwewo. Muzichepetsa pang'onopang'ono lilime limazolowera pakatha masabata angapo. Onjezerani tomato, anyezi, adyo, nsinjiro, ndiwo zimakoma ndithu. Pamkeka podyera pasamakhale mchere, bambowo muwauze bwinobwino kuti nawonso akayezetse BP chifukwa imatha kukwera munthu osamva kalikonse. Mankhwala aja amayi asasiye ngakhale akumva bwino, ndipo tsiku lawo la kuchipatala asamaphonye.