Ndikusaka mkonzi wa buku langa la nkhani yopeka

Moni nonse akuluakulu. Ndamaliza kulemba buku la nkhani yopeka m'Chichewa, masamba pafupifupi 140, ndipo ndikufuna kulisindikiza ndekha kuno ku Zomba. Chandivuta ndi mkonzi.

Anzanga akawerenga amangoti "lili bwino", basi. Koma mabuku ena odzisindikizira amene ndagula akundichititsa mantha: munthu wamwalira m'mutu wachitatu, m'mutu wachisanu uyo akusenda mbatata pakhonde! Kompyuta nayo imangodula mzere wofiira pansi pa liwu lililonse. Aphunzitsi ena anandikonzera polumikiza ndi polekanitsa mawu motsatira malamulo a kalembedwe a 1990, koma nkhani yeniyeniyo sanaikhudze.

Kodi alipo pano amene amaunika kayendedwe ka nkhani ndi kayankhulidwe ka atengambali? Amalipiritsa patsamba kapena buku lonse? Chonde ndithandizeni.